Okonza Sewero la Aroma Asaiwale Mlimi

MUNTHU ali yense amene anakulira pamudzi adziwa masanje. Nchito yokolola ikatha, ana amamanga timisasa kunja kwa mudzi, wina nakhala bambo, wina mai, wina mfumu, ndipo wina amasankhidwa kukhala fisi wobwera kudzaba ndiwo. Palibe wowalembera mau oti alankhule. Ali yense amangodziwa udindo wace, ndipo nkhani imadzipanga yokha mpaka dzuwa kulowa.

Masiku ano kuli masanje a mtundu wina amene acinyamata, ngakhalenso akulu-akulu, amacita pa intaneti ndi foni kapena kompyuta. Anthu okhala kutali-kutali, ena a iwo osaonanapo ndi maso, amagwirizana za dziko ndi nyengo imene nkhani yao idzacitikiramo. Ali yense amatenga munthu mmodzi wa m'nkhanimo, namalemba zimene munthuyo anena ndi zimene acita. Mmodzi mwa iwo, wochedwa mtsogoleri wa sewero, ndiye amagamula zotsatira zace, monga ngati nkhondo yapambanidwa, ngati kalata yafika, kapena ngati mvula yagwa.

Masewera oterewa anayamba kufala m'caka ca 1974 pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anatulutsa sewero lochedwa Dungeons & Dragons, limene anthu anali kusewera atazinga tebulo. M'caka ca 1978, pa sukulu ya ukacenjede ya Essex ku Britain, Roy Trubshaw anayamba kukonza sewero la pa kompyuta lochedwa MUD, lomwe anthu ambiri anali kulowamo pa nthawi imodzi, ndipo Richard Bartle analipitiriza. Lero kagulu ka anthu 10 katha kuyambitsa sewero lao pa WhatsApp kapena pa Discord popanda cina cowaonongera ndalama koma intaneti yokha.

Imodzi mwa nyengo zimene okonda masewerawa amasankha ndi ya zaka zomaliza za ufumu wa Aroma. Owerenga Baibulo adziwa za Kaisara uja amene analamula kalembera pa nthawi ya kubadwa kwa Yesu. Nyengo imene ikunenedwa pano inadza patapita zaka pafupi-fupi 300 kucokera pa kalembera ameneyo. Imayambira m'caka ca 284 pamene Diocletian anakhala mfumu, nifika m'caka ca 476 pamene mkulu wa asilikali dzina lace Odoacer anacotsa pampando Romulus Augustulus, mnyamata wamng'ono amene anali mfumu yomaliza ya cigawo ca kumadzulo. Inali nyengo ya nkhondo, ziwembu ndi kusamuka kwa mitundu ya anthu, motero nkosadabwitsa kuti imakopa osewera.

Koma pali vuto limodzi limene limaoneka msanga pamene maina ayamba kulembedwa. Pafupi-fupi ali yense afuna kukhala mfumu, mkulu wa asilikali, kapena mtsogoleri wa adani odzafunkha mzinda wa Roma. Khasu lilibe wolifuna. Wokonza sewero amene agonjera cilakolako cimeneci akumanga cinthu cosakhalitsa, ndiponso cimene cidzaphunzitsa osewera bodza. Ufumu wa Aroma unaberekedwa pa msana wa mlimi, ndiye cifukwa cace sewero loona liyenera kuyambira kumunda.

Amene anali kudyetsa ufumu

Akatswiri a mbiri yakale amawerengera kuti mwa anthu 10 ali onse a mu ufumuwo, 8 kapena 9 anali kukhala kumidzi ndi kudya za kumunda. Asilikali olonda malire, akalaliki a boma, ndi khamu la anthu a mumzinda wa Roma olandira buledi waulere, onsewa anali kudalira tirigu, mafuta a azitona ndi vinyo zotengedwa kwa alimi monga msonkho. Diocletian anaukonzanso msonkhowu. Minda inapimidwa, anthu ndi ziweto zao anawerengedwa, ndipo caka ndi caka boma linali kulengeza kuculuka kwa zimene linali kufuna. Mlembi wacikristu wa nthawiyo, Lactantius, amene anali kudana ndi mfumuyo, anadandaula kuti olandira za boma anaculuka kuposa okhoma msonkho.

M'caka ca 301 mfumu yomweyo inatulutsa lamulo loika mitengo ya zinthu zoposa 1,000, ndipo cilango ca wolakwira lamulolo cinali imfa. Mwa lamuloli, waganyu wa kumunda sanaloledwe kulandira madinari opitirira 25 pa tsiku, kuonjezera pa cakudya, pomwe muyeso umodzi wa tirigu, wosakwana ngakhale debe limodzi, unaikidwa pa madinari 100. Ndiye kuti munthu anali kugwira ganyu masiku 4 kuti agule muyesowo. Lamulolo silinakhalitse kaamba kakuti amalonda anabisa katundu wao.

Alimi ambiri analibe minda yao-yao. Anali kulima m'minda ya eni cuma ndi kupereka gawo la zokolola, ndipo m'Cilatini anali kuchedwa coloni. Popeza msonkho unali kuwerengedwa pa munda ndi pa anthu olembedwa pamundapo, boma silinafune kuti mlimi asamuke. M'caka ca 332 mfumu Constantine inalamula kuti mlimi wotere akapezeka akukonzekera kuthawa amangidwe unyolo monga kapolo. Nao makhansala a m'matauni anali mu msampha wao-wao, pakuti iwo ndiwo anali kusonkhanitsa msonkho, ndipo ukaperewera anali kulipira za m'thumba mwao. Ambiri anathawira ku usilikali kapena ku nchito ya chalichi. M'buku la malamulo limene mfumu Theodosius II inatulutsa m'caka ca 438 muli malamulo pafupi-fupi 200 okhudza makhansalawa, ambiri mwa iwo owabwezera pa nchito imene anaithawa.

Goli litalemera, alimi sanangokhala cete. Ku Gaul, komwe lero ndi France, anthu akumidzi ochedwa Bagaudae anaukira boma ca m'ma 285, kotero kuti Diocletian anatumiza Maximian ndi gulu la nkhondo kukawagonjetsa. Anaukiranso m'caka ca 435 motsogozedwa ndi Tibatto. Ca m'ma 440 wansembe wa ku Marseille dzina lace Salvian analemba kuti amphawi anali kuthawira kwa adani a Roma poopa okhometsa msonkho a boma lao lomwe.

Ngakhale nkhondo zochuka zimene osewera amazikonda, gwero lace kawiri-kawiri linali mimba. M'caka ca 376 anthu a mtundu wa Goth, pothawa a Hun, analoledwa kuoloka mtsinje wa Danube ndi kulowa mu ufumuwo. Akulu a asilikali awiri, Lupicinus ndi Maximus, m'malo mowapatsa cakudya anayamba kuwagulitsa nyama ya agalu mosinthana ndi anthu oti akhale akapolo. Anthuwo anauka, ndipo pa 9 August 378 ku Adrianople anapha mfumu Valens pamodzi ndi magawo awiri mwa atatu a asilikali ace. Mzinda wa Roma nao unali kudya tirigu wocokera kumpoto kwa Africa. M'caka ca 397 Gildo, mkulu wa asilikali kumeneko, anaimitsa zombo za tirigu, ndipo boma linacita kutumiza nkhondo kuti mzindawo usafe ndi njala. Pamene a Vandal, motsogozedwa ndi Geiseric, analanda mzinda wa Carthage m'caka ca 439, boma la kumadzulo linataya nkhokwe yace yaikulu pamodzi ndi msonkho wolipirira asilikali. Silinaimenso cilili.

Nkhani ya ngamila 4,000

Wokonza sewero amene afuna citsanzo ca nkhani yopatsa malo anthu onse acipeze m'zolemba za Ammianus Marcellinus, msilikali wa nthawiyo amene analemba mbiri ya Aroma. Ca m'ma 363 anthu a m'cipululu ochedwa Austuriani anafunkha midzi yozungulira mzinda wa Leptis Magna, m'dziko limene lero ndi Libya. Anapha alimi, naocha zimene sanathe kunyamula. Eni mzinda anapempha thandizo kwa Romanus, mkulu wa asilikali a Aroma mu Africa. Iye anabwera ndithu, koma ananena kuti sadzamenya nkhondo pokhapokha atapatsidwa cakudya coculuka ndi ngamila 4,000. Anthu ongofunkhidwa kumene analibe zimenezo, ndipo patapita masiku 40 Romanus anacoka osacita kanthu.

Makhansala anatumiza nthumwi kwa mfumu Valentinian kutsidya la nyanja. Koma Romanus anali ndi mbale wace, Remigius, pa udindo waukulu kunyumba ya mfumu, ndipo dandaulolo linaponderezedwa. Potsiriza mfumu inatuma mlembi dzina lace Palladius kukafufuza nkhaniyo ndi kukalipira asilikali. Romanus anakonza zoti akulu a asilikali abwezere Palladius gawo la malipirowo monga mphatso, ndipo iye atalandira, pakamwa pace panatsekeka. Anabwerera kwa mfumu nanena kuti anthu a ku Leptis Magna anali kunama. Kazembe wa cigawoco, Ruricius, amene ananena zoona, anaphedwa pamodzi ndi anthu ena osalakwa. Coonadi cinadzaululika patapita zaka pafupi-fupi 10 pamene kalata ina inapezeka m'mapepala a Romanus, ndipo Palladius anadzipha.

M'nkhani imeneyi muli malo a osewera 12 kapena 15. Muli mlimi amene munda wace waochedwa koma msonkho ukumuyembekezera, mai wamasiye, khansala woyenera kusankha pakati pa kunena zoona ndi kusunga moyo wace, nthumwi yokwera combo, msilikali woyembekezera malipiro, mwini ngamila, ndi mlembi wolandira ciphuphu. Ali yense wa iwo ali ndi cimene angataye. Mfumu imaoneka m'makalata mokha, monga momwe inali kuonekera kwa anthu ambiri a nthawiyo.

Zoyenera kupangana sewero lisanayambe

Akale anati nkhanga zinapangana kusanapse. Masewera ambiri a pa intaneti amayamba ndi cimwemwe, koma pakapita milungu yowerengeka amazilala, cifukwa ca mikangano imene ikadapewedwa ndi pangano lolembedwa pa tsiku loyamba.

Coyamba, malo acepe. Ufumu wa Aroma unayambira ku Britain mpaka ku Egypt, ndipo palibe kagulu kamene kangausenze wonse. Tauni imodzi ndi midzi yace, pa zaka 10 zosankhidwa bwino, ndi zokwanira. Kucokera pa caka cosankhidwaco nkhani itha kupatuka pa mbiri yeni-yeni, pakuti osewera ali ndi ufulu wosankha, koma malamulo, zida ndi maulendo zikhale za nthawiyo.

Caciwiri, mpando wa mfumu usapatsidwe wosewera ali yense. Ukhale m'manja mwa mtsogoleri wa sewero. Pa msilikali mmodzi kapena wa boma mmodzi pakhale osewera awiri kapena atatu a kumunda, a pamsika ndi a padoko. Ndipo mlimi asakhale munthu wongolira. Apatsidwe mphamvu zimene anali nazo zoona: kubisa tirigu, kuthawira kwa mwini munda wina, kugwirizana ndi oukira boma, kapena kukadandaula kwa bishopu. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anamwalira m'caka ca 430 a Vandal atazinga mzindawo, anali kutha nthawi yaitali akuweruza milandu ya anthu wamba.

Cacitatu, pakhale buku la nkhokwe loonedwa ndi osewera onse, lonena zimene zakololedwa, zimene zapita ku msonkho ndi zimene zatsala. Mkulu wa asilikali asaloledwe kuyendetsa gulu lace popanda kuonetsa kumene cakudya cidzacokera. Lamulo limodzi lokhali limacititsa kuti wamkulu apite kukagogoda pakhomo pa wamng'ono, ndipo pomwepo ndi pamene sewero limayamba kukoma. Nyengo nazo zitsatidwe. Mlungu umodzi wa osewera ungaimire miyezi 3 ya m'nkhani. Mlembi wa za nkhondo Vegetius ananena kuti kuyambira pa 11 November mpaka pa 10 March nyanja inali yotsekeka kaamba ka namondwe, motero dandaulo lotumizidwa kwa mfumu m'nyengo yozizira liyenera kuyembekeza. Wosewera wozolowera uthenga wofika m'kamphindi aphunzire mmene anthu anali kukhalira ndi nkhawa miyezi yathunthu yankho lisanabwere.

Cacinai, mtsogoleri wa sewero asakhale ndi munthu wace-wace wopikisana ndi ena, cifukwa woweruza mlandu sakhalanso mwini mlandu. Pamene zotsatira ziri zokaikitsa, monga kugwa kwa mvula kapena kutha kwa nkhondo, pacitike maere poyera, osewera onse akuona. Ndiponso mutu umodzi susenza denga: atsogoleri akhale awiri kapena atatu, kuti wina akadwala kapena foni yace ikaonongeka sewero lisafe.

Cacisanu, pangano liganizire wosauka. Sewero la mau olembedwa silidya ndalama zambiri, pomwe zithunzi ndi makanema zimatha intaneti msanga ndipo zimatsekera kunja munthu wokhala kumene mafoni amavuta kugwira. Kulemba kawiri pa mlungu nkokwanira. Wopita kukabzala, kukakolola kapena kukalemba mayeso apatsidwe chuti, ndipo munthu wace wa m'sewero asungidwe mpaka atabwera. Ndalama zeni-zeni zisalowemo konse. Tsiku limene wina adzagula udindo kapena kubecherana ndalama pa nkhondo ya m'sewero, limenelo lasanduka njuga.

Cacisanu ndi cimodzi, pakhale malire pakati pa wosewera ndi munthu amene iye akumuyerekeza. Nyengo ya Aroma inali ya ukapolo, nkhanza ndi mikangano ya mipingo, monga uja wa Akatolika ndi otsatira Donatus umene unafika pa msonkhano waukulu wa mabishopu ku Carthage m'caka ca 411. Zinthu zotere zingalowe m'nkhani, koma wosewera Romanus sali mbala, ndipo wosewera kapolo sali kapolo wa munthu. Wotukwana mnzace pobisala kumbuyo kwa dzina la m'sewero acenjezedwe, akabwereza acotsedwe. Ngati m'gulumo muli ana a sukulu, makolo adziwe amene akulitsogolera.

Mau a otsutsa

Ena adzanena kuti sewero ndi cisangalatso, ndi kuti mnyamata amene wacoka kumunda atatopa safuna kukagwiranso khasu pa foni. Mau amenewa ali ndi nzeru yace, ndipo palibe amene ayenera kukakamizidwa. Wolima masana atha kukhala mlembi wa boma madzulo, ndipo mwana wa m'tauni atenge khasu. Koma iwo aganizirenso ici: m'sewero la mafumu okha-okha, nkhondo yoyamba ikatha theka la osewera agonja ndipo alibenso cocita, motero amacoka. Mlimi, khansala ndi wamalonda ali ndi cosankha catsopano pa kukolola kuli konse. Sewero lokhala ndi anthu wamba limakhalitsa cifukwa nkhani yao siitha ndi nkhondo imodzi.

Makolo ena nao adzafunsa phindu la kutaya nthawi pa ufumu wa anthu akutali umene unatha kale-kale. Funso lao nloyenera, makamaka ngati sewerolo likulanda nthawi ya nchito kapena ya maphunziro, ndipo ndico cifukwa cace malire a nthawi aikidwa m'pangano. Koma wacinyamata amene wasunga buku la nkhokwe kwa miyezi 6 waphunzira kuwerengera. Amene walemba dandaulo lopita kwa kazembe waphunzira kuyala mlandu mwaulemu ndi momveka. Amene waona mzinda ukuonongeka cifukwa wofufuza mmodzi analandira mphatso sadzafunikanso kuuzidwa kuopsa kwa ciphuphu. Zimenezi sangazipeze m'sewero longowerenga mitembo ya adani. Ndipo kagulu kamene kazolowera kukonza sewero motere katha kudzatenga njira yomweyi kuyerekeza mbiri ya kwao, ya masiku a Undi kapena a Mpezeni, pofunsa akulu-akulu a pamudzi amene akali kuikumbukira.

M'caka ca 1928, pafupi ndi malire a Algeria ndi Tunisia, panapezeka timatabwa 45 tolembedwa ndi inki m'Cilatini. Zolembazo ndi za pakati pa 493 ndi 496, patapita zaka pafupi-fupi 20 mfumu yomaliza ya kumadzulo itacotsedwa. Zambiri mwa izo ndi mapangano a alimi, amuna pamodzi ndi akazi ao, ogulitsa timinda tao ta azitona ndi nkhuyu. Zaka anali kuziwerenga ndi dzina la Gunthamund, mfumu ya a Vandal, koma lamulo la kakhalidwe ka pamunda limene anali kutsata linali lomwe lija la Aroma, lokhazikitsidwa zaka mazana ambiri m'mbuyomo. Mafumu anali atasintha, koma alimiwo anali pomwepo, akali kuwerenga mitengo yao.

Tsono ali yense wofuna kukonza sewero la masiku omaliza a Aroma, asanatsegule foni kuitana anzace, ayambe watenga pepala ndi kulembapo mudzi, minda yace ndi maina a olimamo. Mpando wa Kaisara ulembedwe pomalizira.